Mtsikana wa pa Msika ndi Mbiri ya Sukulu Yake

Achinyamata anzanga, mukadutsa pa Msika wa Lilongwe m'mamawa mudzaona atsikana atasenza nthochi ndi zitumbuwa pa nthawi imene anzawo ali m'kalasi. Ena amati ndi umphawi chabe. Koma nkhaniyi ili ndi mbiri yake.

Abambo Oyera atatsegula mishoni za Mua, Likuni ndi Kachebere m'zaka za 1902 ndi 1903, anayambitsanso sukulu za m'midzi. Makolo ankalola mwana wamwamuna kupita, poti kuwerenga kunkamupezetsa ntchito ndi ndalama ya msonkho. Mtsikana ankafunika pa mtondo ndi ku dimba, ndipo akatha msinkhu n'kuvinidwa, chotsatira chinali banja. Mu 1929 Ambuye Mathurin Guillemé anayambitsa chipani cha Asisiteri a Tereza Woyera, ndipo atsikana anayamba kuona mayi wakuda mnzawo ataima kutsogolo kwa kalasi. Komabe zambiri zimene ankaphunzira zinali kusoka, kuphika ndi kulera ana. Sekondale itafika, monga Zomba Catholic mu 1942, inayambira kwa anyamata. Likuni Girls ndi Lilongwe Girls zinabwera pambuyo pake.

Si kuno kokha. Ku Korea, mu ufumu wa Joseon, anyamata ankaphunzira mabuku a Chitchaina pokonzekera mayeso a ntchito za boma, pamene atsikana ankalangizidwa m'nyumba ndi mabuku ngati Naehun, limene Mfumukazi Sohye analemba mu 1475. Mary Scranton atatsegula sukulu ya Ewha ku Seoul mu 1886, anayamba ndi wophunzira mmodzi yekha. Lero Ewha ndi yunivesite yaikulu ya amayi.

Kwathu kuno malamulo anasintha mochedwa ndithu. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana amene watenga pathupi abwerere kusukulu akachira; kale ankangochotsedwa, mnyamata n'kupitiriza mwakachetechete. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja.

Ine ndimaona kuti lamulo la 1993 ndilo lovuta kwambiri kulisunga, chifukwa silidalira nduna ayi, koma ife. Mtsikana wobwerera amafuna womugwirira mwana, ndiponso anzake a m'kalasi ndi a m'kwaya osamuloza chala.