Animal Farm

Buku la George Orwell, mlembi wa ku Britain, lomwe linatuluka ku London mu 1945. M'nkhaniyi ziweto zinapirikitsa mwini famu, Jones, kuti zizidzilamulira zokha popanda wamkulu kapena wamng'ono, koma nkhumba zinalanda ulamuliro pang'onopang'ono. Ndi fanizo la Soviet Union: nkhumba yotchedwa Napoleon ikuimira Stalin, pomwe Snowball, yomwe inathamangitsidwa ndi agalu, ikuimira Trotsky. Gawo lopweteka mtima kwambiri ndi la Boxer, hatchi yakhama pantchito, yosakayikira atsogoleri ake. Itafooka, nkhumba zinaigulitsa kwa opha mahatchi, ndalamazo n'kugulira mowa. Makampani angapo osindikiza mabuku anayamba alikana bukuli poti nthawiyo Britain ndi Soviet Union ankathandizana pankhondo yolimbana ndi Hitler.