Makoswe a ku Montreal ndi amayi a ku Kapise

Mu 1936, Hans Selye wa pa yunivesite ya McGill ku Montreal, m'dziko la Canada, anaona kuti makoswe akazunzidwa ndi kuzizira, mankhwala kapena kuthamangitsidwa mopyola muyeso, matupi awo ankasintha mofanana: tiziwalo ta adrenal tinkatupa, m'mimba n'kutuluka zilonda. Apa m'pamene madokotala anayambira kufufuza za stress. Funso linatsala: n'chifukwa chiyani khoswe wina amapirira pamene mnzake wafooka?

Yankho linachokera pa McGill pomwepo. Mu 1997, gulu la Michael Meaney linapeza kuti tiana ta makoswe tomwe mayi ankatinyambita kwambiri m'masiku oyambirira, titakula tinkatulutsa homoni ya corticosterone yochepa tikaopsezedwa. Mu 2004 anaonetsa chifukwa chake: kunyambitako kumasintha kagwiridwe ka jini ina mu hippocampus, mbali ya ubongo yothandiza kuzimitsa homoniyo ngozi ikadutsa. Chodabwitsa n'chakuti tiana tosinthanitsidwa tinkatengera mayi wotilera, osati wotibereka.

Munthu si khoswe, ndipo zotsatirazi sitingazisamutsire kwa anthu mwachisawawa. Komabe ku Mwanza nkhaniyi si yachilendo. Kumayambiriro kwa 2016, anthu oposa 10,000 othawa nkhondo m'chigawo cha Tete anadzaza mudzi wa Kapise, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Mayi wamantha, wosagona tulo, amavutika kulera khanda modekha. Nanu alangizi a zaumoyo, poyeza mwana kusikelo, funsaninso mayi ake ngati akugona, akudya, komanso ngati ali ndi womuthandiza pakhomo.