Nthenda ya Maganizo: Kumene Tachokera ndi Mankhwala Ake

Makolo athu adaidziŵa nthenda imeneyi ngakhale sadaipatse dzina limodzi. Munthu akaleka kudya, tulo tikamthaŵa, khasu akaliika pambali nkumangokhala duu, akulu ankati wagwidwa ndi nkhaŵa kapena kuti akuganiza kwambiri. Lero timaitcha nthenda ya maganizo, ndipo m'misika ya Limbe ndi Blantyre muli mabotolo a zitsamba amene eni ake amati amachotsa nkhaŵa. Tisanapise dzanja m'thumba, nkwabwino kuti tione njira imene dziko lathu layenda pa nkhani iyi.

Anthu amene ankakhala m'tsinde mwa phiri la Soche, m'dziko la mfumu Kapeni, adali ndi asing'anga ao ndi mizu yao, koma chithandizo chachikulu chidali mudzi weniweniwo. Wofedwa sankagona yekha, pakuti abale ankagona naye pasiŵa. Munda ukamkanika munthu, anzake ankadza kudzalima dima, mwini wake ali pakati pao. Thupi linkagwira ntchito ndipo mtima unkapeza otonthoza. Komabe si zonse zidali zokoma. Odwala ena ankamangidwa zingwe, ndipo mau akuti "walodzedwa" adapasula mabanja ambiri.

Boma la atsamunda lidabwera ndi njira yake. M'chaka cha 1910 lidatsegula malo osungirako odwala misala m'ndende yaikulu ya Zomba, ndipo oŵayang'anira adali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953. Chaka chomwecho dokotala J. C. Carothers, amene adagwira ntchito ku Kenya, adalemba kuti nthenda ya maganizo siipezeka kaŵirikaŵiri pakati pa anthu akuda. Maganizo olakwikawa adali ndi zotsatira zoŵaŵa. Boma linkaona wodwala waphokoso yekha, pamene mai wolira chamumtima m'nyumba mwake sankaŵerengedwa ngati wodwala.

Zinthu zidayamba kusintha mu 1957, pamene dokotala Roland Kuhn wa ku Switzerland adaonetsa kuti mankhwala a imipramine amadzutsa mtima wofooka. Pambuyo pake padabwera amitriptyline ndi fluoxetine, amene zipatala zathu zimapereka. Kuno ku Blantyre chipatala cha Queen Elizabeth chidatsegulidwa mu 1958, ndipo sukulu ya madokotala ya College of Medicine idayamba mu 1991. Ku Mzuzu, abulazala a St John of God adayamba kusamala odwala maganizo m'zaka za m'ma 1990. Ngakhale zili tero, madokotala a nthendazi ngochepa, ndipo ambiri a ife timaopa kuti tikapita kukapempha chithandizo anthu adzatiyesa amisala. Mantha ameneŵa ndiwo amatithamangitsira ku mabotolo a pamsika.

Tsono tichenjere ndi mau akuti "chachilengedwe". Chitsamba chodziŵika kwambiri pa nthendayi ndi St John's wort, cha ku Ulaya, chimene chimachita maluŵa pa nyengo ya chikondwerero cha Yohane Mbatizi, pa 24 June. Nzoona kuti chimathandiza ena amene nthenda yao siidakule. Koma mu 2000 akatswiri adapeza kuti chimachititsa chiŵindi kuchotsa msanga mankhwala ena m'magazi, makamaka mankhwala a HIV. M'dziko limene lakhala likugaŵa ma ARV aulere kuyambira 2004, nkhani imeneyi nja moyo ndi imfa. Mavitamini naonso amathandiza munthu amene thupi lake likuŵasoŵa, koma saloŵa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Safunsa adadya phula: tisanamwe chilichonse, tiyambe taonetsa botolo kwa dokotala kapena namwino.

Chodabwitsa nchakuti sayansi yatibwezera ku zimene makolo ankachita popanda kulipira. Mu 1999, ku yunivesite ya Duke ku America, odwala maganizo 156 adagaŵidwa m'magulu. Patapita miyezi 4, amene ankayenda ndawala kapena kuthamanga katatu pa mlungu adapeza bwino mofanana ndi amene ankamwa mankhwala. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Nako ku Harare, mu 2006, dokotala Dixon Chibanda adayamba kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Njira imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, idayesedwanso kuno ku Malaŵi.

Ife a ku Soche tili ndi chifukwa chapadera choganizira zimenezi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula mbali ya phiri lathu, matope nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Nyumba zimamangidwanso, koma chisoni sichiuma msanga ngati matope. Mnzathu amene wadzitsekera m'nyumba sadzatuluka chifukwa chongomuuza kuti alimbe mtima. Adzatuluka tikamgogodera m'maŵa ndi kuyenda naye, kaya kuloŵera ku Njamba, kaya kumsika, kaya kudimba, lero pang'ono, maŵa pang'ono.

Koma tidziŵenso polekezera. Ngati patha milungu iŵiri munthu sakudya, sakugona, sakugwira ntchito, timperekeze kuchipatala. Ngati watchula zodzipha, timperekeze tsiku lomwelo ndipo tisamsiye yekha. Ngati adayamba kale mankhwala, asaŵaleke chifukwa choti wayamba kuyenda kapena wagula zitsamba. Mu 1910 wodwala ankapatsidwa loko ndi mlonda. Ife tingathe kumpatsa dokotala ndi mnzake woyenda naye, ndipo mnzakeyo ndi wina mwa ife.