Mafunde: momwe mawu ndi kuwala zimayendera

Mvula ikayamba mu Novembala, anthu a ku Ngungu mu mzinda wa Kabwe m'dziko la Zambia amaona mphezi ikung'anima kaye, kenaka n'kumva bingu. Ziwirizi zimachitika pa nthawi imodzi, koma zimafika mosiyana chifukwa zimayenda ngati mafunde a liwiro losiyana.

Funde ndi kugwedezeka kumene kumanyamula mphamvu kuchoka pa malo ena kupita pena, popanda kusamutsa chinthu chimene likudutsamo. Munthu akaponya mwala m'damu la Mulungushi, mafunde amafalikira mbali zonse, koma tsamba loyandama limangokwera ndi kutsika pamalo pomwepo. Chimene chayenda ndi mphamvu, osati madzi.

Mafunde alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba umagwedezeka mopingasa njira imene ukulowera, monga chingwe choyanikira zovala chikagwedezedwa mbali imodzi. Wachiwiri umagwedezeka motsata njira yomweyo: sitima ikaliza hutala pa siteshoni ya Kabwe, mpweya umapanikizika ndi kumasuka mosinthanasinthana mpaka kufika m'khutu.

Pali zinthu zitatu zoyezera funde. Msinkhu wake umasonyeza mphamvu, choncho ng'oma ikamenyedwa kwambiri imamveka mokweza. Utali wake ndi mtunda wochoka pansonga ya funde limodzi kufika pansonga ya lotsatira. Chachitatu ndi chiwerengero cha mafunde odutsa pa sekondi imodzi, chimene chimayezedwa m'ma hertz pokumbukira Heinrich Hertz wa ku Germany, yemwe anatsimikiza za mafunde a wailesi m'zaka za m'ma 1880. Kuchulukitsa utali ndi chiwerengerochi kumapereka liwiro la funde.

Manambala a pa wailesi ndi chiwerengero chomwechi. Nyumba youlutsira mawu ya pa 100 FM imatumiza mafunde 100 miliyoni pa sekondi, lililonse lotalika mamita atatu. Wailesi yotchipa ya Saucepan Special, imene inafika m'dzikoli mu 1949, inkagwira mafunde otalikirapo, amene amakagunda kumtunda kwa mlengalenga n'kubwerera pansi kutali kwambiri.

Kuwala ndi mafunde a wailesi safuna mpweya kuti ayende, ndipo amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi mu mpweya. Mtunda wa makilomita pafupifupi 140 wochoka ku Lusaka kufika ku Kabwe, funde la wailesi limaudutsa diso lisanaphethire, pamene phokoso, likanatha kufika, likanatenga mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri.

Kusiyana kumeneku kungapulumutse moyo. Mphezi ikang'anima, munthu awerenge masekondi mpaka bingu litamveka. Masekondi atatu alionse akuimira kilomita imodzi. Ngati bingu lamveka masekondi 30 asanakwane, mphezi ili pa mtunda wosapitirira makilomita 10, ndipo ikhoza kugwa pomwe munthuyo waima. Amene ali kumunda, pabwalo la mpira kapena pansi pa mtengo alowe m'nyumba, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza asanatulukenso.