Akaunti ya IRA ku America ndi malamulo ake a msonkho

IRA ndi akaunti imene munthu wogwira nchito m'dziko la America amatsegula yekha ku banki kapena ku kampani yoyendetsa ndalama, kuti asungemo codzadya akadzapuma pa nchito. Dzina lake lonse ndi Individual Retirement Account. Boma silikakamiza munthu kuitsegula. Limangopeputsa msonkho pa ndalama zosungidwamo, koma pobwezera limaika malamulo okhwima onena za nthawi yoikamo ndi nthawi yotapamo. Nkhaniyi ikhudzanso nzika za Zambia zimene zigwira nchito kumeneko, pamodzi ndi abale ao m'dziko muno amene tsiku lina angadzalandire ndalamazo monga cuma ca masiye.

Akaunti imeneyi inabwera ndi lamulo lochedwa ERISA, limene mtsogoleri wa dzikolo a Gerald Ford anasaina mu 1974. Lamuloli linadza pambuyo pa madandaulo a zaka zambiri. Mu 1963 kampani yopanga magalimoto ya Studebaker inatseka fakitale yake mumzinda wa South Bend, ndipo anchito zikwi zingapo anataya gawo lalikulu la penshoni yao. Paciyambi IRA inali ya anthu okhawo amene analibe penshoni ku nchito, ndipo munthu sanali kuloledwa kuikamo kupitirira madola 1,500 pa caka. Mu 1981 khomo linatsegulidwa kwa anchito onse.

Munthu wozolowera za kuno angasokonezeke. Ndalama za NAPSA zimadulidwa pa malipiro munthu afune asafune, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zambia amene anakonzedwa mu 2016 ananena kuti ndalama za penshoni zisadulidwe msonkho. Ku America sizili tero. Kabungwe kotolera misonkho ka IRS kamatenga gawo lake ndithu, ndipo mwini akaunti amangosankha nthawi yolipira: pamene ndalama zikulowa kapena pamene zikutuluka.

Mu IRA ya mtundu wakale, yochedwa Traditional, ndalama zimene munthu waikamo zimacotsedwa pa malipiro owerengera msonkho wa caka cimeneco. Phindu limene ndalamazo zikubala silidulidwa kanthu pamene zili m'kati. Msonkho umadikira tsiku lotapa, ndipo pamenepo ndalamazo zimawerengedwa monga malipiro wamba. Mwai wocepetsa msonkho umenewu umacepa, mwinanso kutheratu, kwa munthu wa malipiro okwera amene alinso ndi thumba la penshoni ku nchito monga 401(k).

Mtundu waciwiri ndi Roth IRA, umene unakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1997 ndi kuyamba kugwira nchito mu 1998. Unatenga dzina la a William Roth, phungu wa ku Senate woimira cigawo ca Delaware. Muno munthu amaika ndalama zimene walipirira kale msonkho, motero palibe cimene amapeputsidwa caka cimeneco. Ubwino wake umadza pambuyo. Akafika zaka 59 ndi theka, ndiponso ngati papita zaka 5 ciyambire kuikamo, amatapa zonse pamodzi ndi phindu popanda msonkho. Ndalama zimene anaikamo yekha angazitape tsiku lililonse, koma phindu ndilo liyenera kudikira. Anthu a malipiro okwera kwambiri saloledwa kuika ndalama mwacindunji mu Roth.

Kusankha pakati pa mitundu iwiriyi kuli ngati kulosera za mawa. Wacinyamata amene malipiro ake akali ocepa amalipira msonkho wotsika lero, conco Roth imamukomera. Amene ali pacimake pa malipiro ndipo ayembekeza kudzalandira zocepa paukalamba amapindula ndi Traditional. Lamulo limalola kusamutsa ndalama kucoka mu Traditional kupita mu Roth, koma msonkho wa ndalama zosamutsidwazo umalipiridwa caka comweco.

Malire a ndalama zoika amasintha. Mu 2024 ndi mu 2025 anali madola 7,000 pa caka, ndipo a zaka 50 kupita m'mwamba analoledwa madola 8,000. Malirewa ndi a maakaunti onse a munthu pamodzi, kotero kutsegula atatu sikuonjezera kanthu. Ndalama zoikamo ziyenera kucokera ku nchito kapena bizinesi imene munthu acita, osati ku lendi ya nyumba kapena mphatso. Nthawi yoika ndalama za caka imatha pa tsiku lopereka mafomu a msonkho, kawirikawiri pa 15 Epulo caka cotsatira. Wopitirira malire amalipira 6 peresenti ya ndalama zopitirirazo caka ciliconse kufikira atazicotsa.

Pali cinthu cina cimene cimapweteka anthu mwakacetecete. IRA payokha ndi nkhokwe cabe. Ngati mwini wake sanasankhe masheya kapena zina zoti ndalamazo zigule, zimangokhala osabala zeni-zeni, ndipo ena amadzazindikira patapita zaka.

Cilango codziwika kwambiri ndi ca kutapa msanga. Wotapa mu Traditional asanafike zaka 59 ndi theka amalipira msonkho wa masiku onse ndi kuonjezerapo 10 peresenti. Mwacitsanzo, munthu amene msonkho wake uli pa 22 peresenti akatapa madola 5,000 kuti athandize pa maliro kapena kumanga nyumba kumudzi, madola 1,100 amapita ku msonkho, madola 500 ku cilango, iye n'kutsala ndi madola 3,400. Zigawo zambiri za dzikolo zimadulanso msonkho waowao. Cilango ca 10 peresenti cimakhululukidwa pa zifukwa zowerengeka, monga kulemala, malipiro a maphunziro apamwamba, ndi kugula nyumba yoyamba, pamene malire ake ndi madola 10,000 pa moyo wonse. Kukongola ndalama mu IRA, kapena kuipereka monga cikole ca ngongole, n'koletsedwa.

Kucedwa kutapa nakonso kuli ndi cilango cake, pakuti boma silifuna kudikira msonkho wake mpaka kalekale. Potsatira lamulo la mu 2022, mwini Traditional ayenera kuyamba kutapa gawo loikika caka ndi caka akafika zaka 73, ndipo obadwa mu 1960 kapena pambuyo pake adzayamba pa zaka 75. Woiwala amalipira 25 peresenti ya ndalama zimene anafunika kutapa, ndipo cilangoco cimatsika kufika pa 10 peresenti ngati wakonza msanga. Lisanadze lamuloli cinali 50 peresenti. Mwini Roth sakakamizidwa kutapa pamene ali moyo.

Posamutsa akaunti kupita ku kampani ina, njira yabwino ndi yakuti makampani awiriwo atumizirane okha ndalamazo. Munthu akazilandira m'manja amakhala ndi masiku 60 okha kuti aziike mu akaunti yatsopano, ndipo izi zimaloledwa kamodzi pa miyezi 12. Akaphonya, IRS imawerengera kuti watapa.

Wobwerera ku Zambia sataya akaunti yake, ngakhale kuti makampani ena amacepetsa zimene angacitire munthu wokhala kunja. Amene anatenga unzika wa America amalipirabe msonkho kumeneko kulikonse kumene akhala. Kwa amene si nzika ndipo sawerengedwanso monga wokhala m'dzikolo, kampani imadula 30 peresenti pa ndalama zoyenera msonkho isanazitumize, pokhapokha ngati pali pangano la misonkho pakati pa maiko awiriwo. Mu Africa mapangano otere alipo ndi South Africa, Egypt, Morocco ndi Tunisia, koma Zambia palibe pa mndandandawo.

Mwini akaunti akamwalira, ndalama zimapita kwa munthu amene dzina lake linalembedwa pa fomu ya ku kampani, ngakhale wilu itanena zina. Fomu yolembedwa munthu asanakwatire kapena asanabereke ingamane mkazi ndi ana. Mkazi kapena mwamuna wa malemu angasandutse akauntiyo kukhala yake, koma kuyambira mu 2020 olowa ena ambiri, monga ana aakulu ndi adzukulu, ayenera kutapa zonse m'zaka 10.