NDANI ADZABWEZA? MBIRI YA "BORROW" NDI "LEND"



Ndani mwa inu amene sanamvepo mwana wa sukulu akuuza mnzake kuti, "Borrow me your pencil"? Kapena inu nomwe munanenapo mau amenewa, aphunzitsi nakukalipirani, anzanu nakusekani. Ambiri a inu tsopano muli ndi ang'ono anu kunyumba, ndipo ena mumathandiza ana a Sande Sukulu. Tsiku lina mwana adzalakwa motere pamaso panu. Musanamseke, ndifuna kuti mudziwe mbiri ya kulakwa kumeneku, cifukwa munthu wodziwa kumene cinthu cinacokera ndiye amadziwa kucikonza.

Tiyambe ndi cinenero cathu. M'Cinyanja liu lakuti "kubwereka" limayenda mbali ziwiri. Mukanena kuti, "Ndabwereka khasu kwa amalume," ndiye kuti khasu labwera kwa inu. Mukanena kuti, "Ndawabwereka khasu amalume," ndiye kuti khasu lacoka kwa inu. Liu ndi limodzi, koma kamau kakang'ono kakuti "wa" ndiko kasonyeza kumene khasu lapita. Nthawi zina timasintha kumapeto kwa liu: kubwereka ndi kubwereketsa, kukongola ndi kukongoza, kugula ndi kugulitsa, kuphunzira ndi kuphunzitsa. Tsinde la liu silisintha. Conco mwana akanena kuti "Borrow me your pencil," iye watenga ciganizo cabwino-bwino cakuti "Ndibwerekeko pensulo yako" ndi kuciveka mau a Cingerezi. Nzeru zake zagwira nchito, koma watsata lamulo la cinenero cina.

Cingerezi ca lero cili ndi njira yake. M'malo mosintha kumapeto kwa liu, cimatenga liu lina lonse: "borrow" ndi "lend", "buy" ndi "sell", "learn" ndi "teach". Koma kodi mudziwa kuti Angerezi enieniwo sanayambe ndi kusiyanitsa kumeneku?

Zaka zoposa 1,000 zapitazo, m'masiku a mfumu Alfred amene anamwalira m'caka ca 899, anthu a ku England anali kulankhula Cingerezi cimene lero ngakhale mwana wobadwira ku London sangacimve. M'cinenero cimeneco munali liu lakuti "borg", lotanthauza cikole, kapena munthu woimirira mnzake pa ngongole. Kucokera pa liu limeneli kunabadwa liu lakuti "borgian", ndipo poyamba linali kunena za kukongoza kapena kuimirira mnzako. M'kupita kwa nthawi linatembenuka ndi kuyamba kunena za munthu wolandira cinthu atapereka cikole. Ndilo "borrow" wa lero. Nalo liu lakuti "sell" linacokera ku "sellan", limene kale linali kutanthauza kupatsa cabe, ngakhale popanda ndalama. Liu lakuti "pay" linalowa m'Cingerezi kudzera m'Cifalansa pambuyo pa caka ca 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England. Muzu wake ndi liu la Cilatini lotanthauza kubweretsa mtendere. Kulipira kunali kukhazika pansi mtima wa mwini ngongole. Aliyense amene anayendapo mozemba njira ya kwa munthu amene anamkongoza adzavomereza kuti akalewo sananame.

Nalo liu lakuti "learn" linayenda mbali ziwiri kwa zaka zambiri. Myles Coverdale, amene anatulutsa Baibulo lathunthu loyamba kusindikizidwa m'Cingerezi m'caka ca 1535, analemba "learn" m'Masalmo ena pamene ife lero tikanalemba "teach". Ndipo kufikira lero, Ajeremani, amene cinenero cao ndi pacibale ndi Cingerezi, amagwiritsa nchito liu lakuti "borgen" ponena za kubwereka ndi kubwereketsa komwe, monga momwe ife ticitira.

Mwina mudzafunsa kuti, ngati ndi tero, tivutikiranji? Tivutika cifukwa liu limodzi likhoza kuika munthu pa mlandu. Imvani citsanzo ici. M'Baibulo la Cingerezi la King James la m'caka ca 1611, pa nkhani ya ana a Israyeli poturuka m'Aigupto, omasulira anaika liu lakuti "borrow" ponena za golidi ndi siliva zimene analandira kwa Aigupto. Owerenga ena anayamba kufunsa kuti, ngati anabwereka, nanga anabweza liti? Koma liu la Cihebri pamenepo limatanthauza kupempha. Pamene Cipangano Cakale cinakonzedwanso m'caka ca 1885, omasulira anacotsa "borrow" naika "ask". Kwa zaka zoposa 270 liu limodzi linacititsa anthu opempha kuoneka ngati anthu othawa ndi ngongole. Tsono ganizirani za mnyamata amene wapatsa mnzake ndalama, nalemba pa pepala kuti, "I have borrowed him K500." Mkangano ukabuka, wowerenga pepalalo adzafunsa kuti, kodi wobwereka ndani pamenepa? Amene anathandiza mnzake akhoza kuoneka ngati ndiye wamangawa.

Nanga mau amenewa anafika bwanji pakamwa pa ana a m'Zambia? Kuno kum'mawa, sukulu zoyamba zinabwera ndi amishoni. A Dutch Reformed anatsegula Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, ndipo pambuyo pake Madzimoyo ndi Nyanje. M'sukulu za m'midzi za nthawi imeneyo mwana anali kuyamba kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera maiko a cigawo cino m'caka ca 1924, linalimbikitsa njira yomweyo, ndipo m'caka ca 1927 boma la atsamunda linasankha Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi kukhala zinenero za m'makalasi oyamba. Cingerezi cinali kulowa pang'ono-pang'ono mwana atakwera. Sukuluzo zinali zocepa, ndipo ana ambiri sanapite patali. Komabe mphunzitsi anali ndi ufulu wonena kuti, "Ana inu, 'lend' ndiko kubwereketsa," ndipo mwana anali kumva.

Titalandira ufulu m'caka ca 1964, atsogoleri anafuna cinenero cimodzi cogwirizanitsa mitundu yonse ya dziko. M'caka ca 1965 boma linagamula kuti Cingerezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira m'kalasi loyamba, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linakhazikitsa zimenezi. Nduna ya maphunziro pa nthawiyo anali a John Mwanakatwe. Colinga cinali cabwino: mwana wa ku Katete akasamukira ku Kitwe kapena ku Mongu apitirize sukulu popanda cobvuta. Koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anayamba kumva masamu ndi zina zonse m'cinenero cimene sanacimvepo kunyumba. Ana anali kubwereza ziganizo pamodzi monga nyimbo, ndipo pa sukulu zina wolankhula cinenero ca kwao anali kulangidwa. Mwana anali kuloweza "borrow" ndi "lend", koma mumtima anali kuganizabe m'Cinyanja, ndipo panalibe womuonetsa pamene zinenero ziwirizi zisiyana njira.

Zotsatira zake zinaoneka. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a m'Zambia ndi a ku Malawi pa kuwerenga. Ku Malawi ana anali kuyamba sukulu m'Cicewa. Iye anapeza kuti pa Cingerezi ana a maiko awiriwa sanasiyane kweni-kweni, koma pa kuwerenga cinenero cao ana a ku Malawi anapambana kutali. Kuyamba ndi Cingerezi sikunapatse ana athu Cingerezi coposa ca anzao. M'caka ca 1996 boma linatulutsa ndondomeko ya maphunziro yochedwa Educating Our Future, imene inabvomereza kuti mwana ayambe kuphunzira kuwerenga m'cinenero cimene acidziwa. M'caka ca 2014 zinenero za m'dziko zinayamba kugwiritsidwa nchito pophunzitsa kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Malamulo a sukulu amasintha, koma phunziro la m'mbiriyi likhalabe: mwana amagwira cinenero catsopano ataimirira pa cimene ali naco kale.

Tsono inu mungacite ciani? Musayambe ndi bukhu. Tengani cinthu cogwirika, monga supuni, bola kapena pensulo, ndipo muimike ana awiri moyang'anana. Afunseni m'Cinyanja mafunso awiri. Loyamba: kodi cinthu cicoka m'dzanja la yani? Laciwiri: kodi cidzabwerera kwa mwini wake? Cikacoka kwa ine ndipo cidzabwerera, ndiye "I lend". Cikabwera kwa ine ndipo ndidzabweza, ndiye "I borrow". Cikacoka kwa ine osabwereranso, ndiye "I give". Cikacoka kwa ine, ndalama nizibwera, ndiye "I sell". Cikabwera kwa ine, ndalama nizicoka, ndiye "I buy". Tonse awiri tikapatsana, iwe bola ine pensulo, ndiye "we exchange", kumene ndi kusinthanitsa, monga makolo athu anali kucita ndi mcere, makasu ndi nsalu ndalama zisanafale.

Kenaka aonetseni timau tiwiri tothandiza. "Borrow" ndi "buy" amayenda ndi "from", cifukwa cinthu cicokera kwa wina. "Lend" ndi "sell" amayenda ndi "to", cifukwa cinthu cipita kwa wina. Mwana wofuna pensulo ali ndi njira ziwiri zolondola: "Please lend me your pencil," kapena "May I borrow your pencil?" Anene ziganizo zimenezi cinthu cili m'manja, kenaka asinthane malo ndi mnzake. Akazolowera, muwauze kuti Cingerezi naco cili ndi liu lakuti "rent", limene amanena mwini nyumba ndi wokhala m'nyumba yemwe. Adzaseka poona kuti Cinyanja sicili cokha.

Pomaliza, musaiwale kuti pophunzitsa mau amenewa muphunzitsanso khalidwe. Akulu amati kupatsa nkuika, ndipo nzoona kuti wopatsa mnzake adzakumbukiridwa tsiku la kusowa kwake. Koma cobwereka cili ndi mwini wake amene aciyembekezera. Mwana amene wamvetsa kuti m'kati mwa "borrow" muli lonjezo lakubweza, monga cikole ca Angerezi akale aja, sadzasunga bukhu la mnzake caka cathunthu namacicha mphatso.

Pa msonkhano wanu wa sabata ino, yesani sewero limeneli inu nokha musanapite nalo kwa ana. Wina abweretse supuni, wina akhale wogulitsa tomato, wina akhale wokongola. Amene alakwe asasekedwe, koma afunsidwe kuti, "Cinthu cacoka m'dzanja la yani, ndipo ndani adzabweza?"