Mbiri ya Nyanja ya Chilwa ndi Anthu Oisunga

Munthu akakwera phiri la Zomba m'mamawa kunja kuli kowala, nakaima pa malo aja ochedwa Queen's View, amaona mzinda wa Zomba uli pansi pa mapazi ace. Akakweza maso kuyang'ana kum'mawa amaona cigwa cacikulu, ndipo kutali kumapeto kwace madzi ali mbee ngati lata latsopano. Madzi amenewo ndiyo nyanja ya Chilwa. Caka ndi caka ndimakwera ndi ana a sukulu yanga kukawaonetsa nyanjayo, ndipo nthawi zonse pamapezeka mwana wofunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi nzoona kuti madzi onsewo amatha kuuma?" Nzoonadi. Tsono inu abale anga amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu, ndifuna kukusimbirani mbiri ya nyanja imeneyi, ndi ya anthu amene anadzipereka kuisunga popanda malipiro.

MAKHALIDWE A NYANJAYI

Chilwa ndiyo nyanja yaciwiri kukula m'dziko la Malawi. Iri pakati pa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kum'mawa imacita malire ndi dziko la Mozambique. Kucokera ku Zomba kufika pa dooko la Kachulu pali mtunda wa mamailosi ngati 20. Pakati pa madzi pali cilumba ca Chisi cimene pakhala anthu kuyambira kale.

Nyanja ya Malawi imatulutsa madzi ace mu mtsinje wa Shire, koma Chilwa iribe mtsinje wotulukamo. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira madzi m'menemo, ndipo madziwo sacoka mwa njira ina koma pouma ndi dzuwa. Ici ndico cifukwa cace madzi a Chilwa amamveka mcere pang'ono. Kumpoto kuli mtandadza wa mcenga umene unalekanitsa Chilwa ndi nyanja ya Chiuta kalekale. Nyanjayi njosaya, pa malo ambiri kuya kwace sikupitirira mapazi 10. M'mbali mwace muli madambo aakulu ndi udzu wa njedza, m'mene nsomba zimaswana ndi mbalame zimamanga zisa. Asodzi ena amamanga tinyumba toyandama pa njedzayo, tochedwa zimbowera, nakhala momwemo miyezi yambiri.

Nsomba zace zodziwika ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. M'zaka zabwino Chilwa yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a nsomba zonse zogwidwa m'dziko lino. Mai wogula matemba pa msika wa Zomba amadya za m'nyanjayi ngakhale sanaiponde.

ALENDO OYAMBA KULEMBA ZA CHILWA

Makolo athu anaidziwa nyanja imeneyi zaka mazana ambiri Azungu asanafike, koma mbiri yao inali ya pakamwa. Woyamba kuilemba m'mabuku a ku Ulaya anali David Livingstone, amene anafika m'mbali mwace m'mwezi wa April 1859 pamodzi ndi John Kirk. Iwo anasiya sitima yao pa Shire nayenda pansi. Livingstone analawa madziwo napeza kuti ngowawa pang'ono, ndipo dzina lace analilemba Shirwa. Anthu a komweko anamuuza za nyanja ina yaikulu kumpoto, imene iye anakaiona m'mwezi wa September caka comweco.

Kuyambira 1891 kufika 1975 likulu la Boma linali ku Zomba, motero anthu ophunzira za cilengedwe anali kutsikira kawirikawiri ku Chilwa. Koma kufufuza kwenikweni kunayamba 1966, pamene aphunzitsi a University of Malawi, motsogozedwa ndi mai Margaret Kalk, anayamba kuyesa madzi, nsomba, udzu ndi mbalame za m'nyanjayi. Anagwira nchito imeneyo zaka khumi, ndipo buku lao linasindikizidwa 1979. Mwai wao unali wakuti anaona ndi maso ao nyanja ikuuma, naionanso ikubwerera.

ZAKA ZIMENE NYANJA INAPHWA

Popeza Chilwa njosaya, mvula ikacepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana madzi amathawa. Akuluakulu akale anasimba za kuphwa kwa nyanja ca m'ma 1914 ndi 1915. Inaphwanso 1968, ndi 1995, ndipo 2018 gawo lalikulu linasanduka matope ong'ambika, ngalawa ziri gwa pa mtunda ku Kachulu.

Za 1995 ndinaziona ndekha ndiri mnyamata wa sukulu. Amalume anga anali msodzi. Tsiku lina ananditenga kukaona bwato lao, ndipo tinayenda pansi nthawi yaitali pa malo amene kale iwo anali kuponyapo khoka. Mphepo inali kuulutsa pfumbi loyera lobaba m'maso. Amalume anaima pafupi ndi bwatolo, osanena kanthu, kenaka anati, "Mphwanga, ndalama za sukulu yako zinali kucokera pano." Caka cimeneco asodzi ambiri anasamukira ku nyanja zina, ena analowa m'mapiri kuocha makala, ena anayamba kuchera mbalame. Ana ambiri analeka sukulu, ndipo ine ndinatsala pang'ono kukhala mmodzi wa iwo.

ALONDA A MAIWE

Kodi nsomba zimacokera kuti nyanja ikadzazanso? Ofufuza aja anapeza yankho lace pa cilala ca 1968. Madzi akamaphwa, nsomba zina zimathawira m'mitsinje, nizikhala m'maiwe akuya amene sauma. Mvula ikabwera zimatsikiranso ku nyanja ndi kuswana. Nsomba za m'maiwe ziri ngati mbeu imene mlimi amasunga pa tsindwi m'caka ca njala. Akaidya, caka camawa adzabzala ciani?

Mu 1995 bvuto linali pomwepo. Anthu anali ndi njala, ndipo nsomba zinali zitaunjikana m'maiwe a Likangala, Domasi ndi mitsinje ina, zosabvuta kugwira. Ena anali kuthiramo mankhwala a mitengo, monga katupe, amene amapha nsomba zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Pamenepo mafumu, asodzi ndi anchito a Boma oyang'anira za nsomba anakhala pansi napangana kuti aletse usodzi m'mitsinje kufikira nyanja itabwerera. M'midzi ya m'mbali mwa mitsinje anasankha makomiti, ndipo anthu a m'makomitiwo anali kuyendera maiwe osalandira malipiro.

Taganizani kulemera kwa nchito imeneyo. Munthu amene ana ace agona ndi njala aime pa dziwe lodzala ndi milamba, nauze mbale wace kuti, "Acimwene, cotsani mono wanu." Panali mikangano, ndipo si onse anamvera. Koma mbeu inasungika. Madzi atabwerera, nsomba zinaculukanso m'zaka zowerengeka, ndipo amalume anga anakonza bwato lao. Mu 1997 Boma linakhazikitsa lamulo latsopano la za nsomba, limene linabvomereza kuti anthu a m'midzi azithandizana ndi Boma posamala nsomba. Makomiti a pa madooko anayamba kuyang'anira kuti makoka asalowe m'madzi m'miyezi ya mvula pamene nsomba ziri kuswana.

MBALAME NDI PANGANO LA RAMSAR

Cuma cina ca Chilwa ndi mbalame. Kumeneko kwaonedwa mitundu yoposa 150: akakowa, atsekwe, abakha a m'madzi, nkhwazi ndi zina zambiri. Zina ndi zathu zokhala konkuno, koma zina zimacokera ku Ulaya ndi ku Asia. Kwao kukayamba kuzizira zimauluka mamailosi zikwi zambiri, nizifika kuno nthawi ya dzinja, ndi kubwereranso mvula ikatha. Mbalame yocheredwa ku Kachulu ingakhale inaswedwa ku Russia.

Cifukwa ca mbalame zotere maiko anaona kuti dziko limodzi silingasunge madambo palokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1971 anakumana mu mzinda wa Ramsar ku Iran napangana zosamala madambo ndi nyanja zosaya. Dziko la Malawi linalembetsa Chilwa m'pangano limeneli kumapeto a 1996, ndipo panganolo linayamba kugwira nchito kuno 1997. Malo olembedwawo ndi mahekitala 224,800, ndipo ndiwo anali oyamba m'dziko lino. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaikanso Chilwa m'gulu la malo a cilengedwe ofunika pa dziko lonse lapansi.

Pangano la Ramsar silithamangitsa anthu pa malo ao. Limafuna kuti adyerere cuma ca m'dambo mwanzeru, kuti cisathe. Nsomba zikasowa anthu a ku Chilwa amadalira mbalame pa ndiwo ndi pa malonda, ndipo pambuyo pa 1995 kuchera kunanyanya. Pano anathandiza a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba 1947 ndi dzina lakuti Nyasaland Fauna Preservation Society. Anthu a nthambi yace ya Zomba anali kupita ku nyanja pa masiku ao opuma, kulowa m'matope ndi m'njedza, kuwerenga mbalame ndi kulemba m'mabuku. M'zaka zoyamba za m'ma 2000 osaka mbalame anadzisonkhanitsa m'magulu, napanga bungwe lao la Mwayi wa Mbalame. Anapatula malo ena osaloleka kusakako, naika nyengo yoleka kuchera pamene mbalame ziri pa mazira. Motero wosaka uja anasanduka mlonda, cifukwa ndiye adziwa bwino kumene kuli zisa.

PHIRI NDI NYANJA

Tibwerere pa phiri pamene tinayambira. Mtsinje wa Mulunguzi umayamba pamwamba pa phiri la Zomba, nupyola mu mzinda, nukathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira mu Chilwa. Mtengo ukadulidwa pa phiri, mvula imakokolola dothi nikalitaya m'nyanja, ndipo nyanja yosaya kale imankabe nicepa kuya. Akasupe amene ayenera kudyetsa mitsinje m'cilimwe amauma msanga, ndi maiwe osunga mbeu ya nsomba aja amaphwa. Munthu woocha chire pa phiri amalanga msodzi amene sanamuonepo.

Mvula yaikulu ya 2019 inadzazanso nyanja, ndipo namondwe Freddy wa mu March 2023 anakweza madzi kufikira anaononga minda ndi nyumba. Koma mbiri yationetsa kuti cilala cidzabweranso. Cimene tingasankhe ife ndi ici: kodi cidzapeza maiwe ali ndi nsomba, ndi madambo ali ndi mbalame, kapena iai?

Inu amene tsopano mudziwa kulemba, makomiti a m'midzi amasowa alembi. Amasowa munthu wolemba tsiku limene madzi anafika pa mtengo wakutiwakuti, ndi mbalame zimene zinaonedwa, ndi mau amene anthu anapangana pa bwalo la mfumu. Bzalani mitengo m'mbali mwa mtsinje wa kwanu, ndipo musalime kufika m'madzi. Tengani ana anu mupite nao ku Kachulu m'mamawa, muwaphunzitse maina a mbalame monga anakuphunzitsani agogo anu. Anthu amene analonda maiwe mu 1995 maina ao sanalembedwe pa mwala uliwonse, koma ine ndinatsiriza sukulu ndi ndalama za matemba amene iwo anasunga.